Matayala a A/T a Land Cruiser 79 yokoka tirela: ndigule ati?

Mlimi_waku_Shire

Akuluakulu, ndithandizeni. Land Cruiser 79 yanga ili ndi marimu a mainchesi 16 ndi matayala a 265/70R16 112S, ndipo atha mano. Imakoka tirela ya matani 2.5 pakati pa Blantyre ndi Chikwawa, kumbuyo kwake kulinso matumba 10 a makilo 50. Ndikachoka pa tara ndimalowa msewu wamiyala wopita kumunda. Ndigule A/T (a misewu yonse, ya tara ndi yafumbi) kapena M/T (a m'matope)? Nanga ndikuze saizi?

Makaniko77

Achimwene, yambani ndi nambala ya 112 ija, za mano zibwere pambuyo. Nambalayo ikunena kuti tayala limodzi limanyamula makilo 1,120 basi, awiri akumbuyo makilo 2,240. Tirela yopakiridwa bwino imapondereza pa mpira wokokera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwake, ndiye kwa inu ndi makilo 250. Koma mpirawo uli kumbuyo kwa ekiselo, choncho ekiseloyo imamva ngati makilo 350, kutsogolo nkupepukako. Onjezani makilo 500 a matumba ndi kulemera kwa galimoto yeniyeniyo, muona kuti matayala amenewo akugwira ntchito ali pafupi ndi malire awo. Tayala lotere limapindika m'mbali, limatentha, kenaka mphira umasiyana ndi mawaya. Pa tara wotentha wa ku Lower Shire zimachitika msanga.

Funani lolembedwa LT (la galimoto zonyamula katundu) kutsogolo kwa saizi, Load Range E, chilembo chosonyeza kulimba kwa tayala. Ogulitsa amati "10 ply", ngakhale kuti mkati mulibe nsalu 10 zenizeni. LT265/75R16 123/120 limanyamula makilo 1,550 likapopedwa 80 psi (muyezo wa mpweya wa m'tayala). LT235/85R16 120/116 limanyamula pafupifupi makilo 1,400. Nambala yachiwiriyo ndi ya galimoto za matayala awiriawiri kumbuyo, inu sikukukhudzani. Dziwaninso kuti tayala lolimba silikweza malire a ekiselo. Malirewo ali m'buku la galimoto, ndipo sikelo ndi yomwe ingakuuzeni zoona.

BamboGeji

Ndiwonjezere pa za mpweya, chifukwa anthu ambiri amaononga LT wabwino pamenepa. LT imafuna mpweya wochuluka kuposa tayala wamba kuti inyamule katundu yemweyo. Mukaipopa 35 psi monga munazolowera, imakhala yofooka kuposa lomwe mwachotsa. Ndi katundu wanuyo yambani ndi 60 mpaka 65 psi kumbuyo, 45 kutsogolo, kuyeza m'mawa galimoto isanayende. Yendani ola limodzi muyezenso. Ngati mpweya wakwera ndi 4 mpaka 6 psi zili bwino. Akakwera kupitirira apo, munayamba ndi wochepa, onjezani mawa lake. Musaphwetse tayala lotentha.

Mavalavu wamba a mphira, a TR413, amathera pa 65 psi. Uzani okuikirani aike a TR600HP kapena achitsulo. Onaninso mpweya umene rimu imalola. 265/75R16 imafuna rimu yotambalala mainchesi 7 mpaka 8, pamene 235/85R16 imakhala bwino pa 6 mpaka 7. Manati muwamangenso mukayenda makilomita 100.

Mai_Fleet

M/T musagule, bambo. Mano ake ndi aatali komanso otalikirana, amapendama mukagwira buleki potsika Thabwa, tirela nkuyamba kuvina kumbuyo. Pa tara wonyowa imachedwanso kuima. A/T ya mano oyandikana pakati ndiyo yokokera: BFGoodrich KO2, Cooper Discoverer AT3 LT, kapena Falken Wildpeak A/T3W. Dzina lomwelo limatha kupezeka mu Load Range C, D kapena E, ndiye werengani pambali pa tayala lenilenilo, osati pa risiti.

Pa saizi, 265/75 ndi yaitali ndi 3 peresenti kuposa yanu. Sipidomita iziwerenga pansi pang'ono, ndipo pokwera phiri muzitsika giya msanga. Pamenepo ndi popirira, koma saizi ya 285 ayi, injini ndi mabuleki zivutika.

Gulani asanu ofanana, sipeya yomwe, chifukwa mukalowetsa 4x4 ndi matayala osiyana kutalika, transfer case, bokosi logawira mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo, imakakamizika. Onani manambala anayi omaliza pa mzere woyamba ndi DOT pambali pa tayala, amene amanena nthawi imene linapangidwa: 1524 ndi sabata ya 15 ya chaka cha 2024. A kaunjika opitirira zaka 6 asiyeni ngakhale mano akuoneka atsopano.

Mlimi_waku_Shire

Zikomo nonse. Marimu ndi a 16x7, ndiye ndifunsa mtengo wa LT265/75R16 E asanu ndi mavalavu achitsulo. Nanga pa msewu wamiyala uja ndiziphwetsako?

BamboGeji

Muli ndi katundu, chotsaniko pang'ono, wochotsedwawo usapitirire 10 psi, ndipo liwiro lisadutse makilomita 40 pa ola. Musanakwere tara popaninso. Pampu ya 12V izikhala m'galimoto.