Kagalasi ka 10x kodziwira mtundu wa bulugamu: tigule kapena ayi?

Wamitengo: Akuluakulu, mitundu ya bulugamu imaposa 700 ndipo makungwa ake amasokoneza. Kodi kagalasi ka m'manja kokuza zinthu kakhumi (10x) kangathandize, kapena ndi kutaya ndalama chabe?

Nachisale: Gulani achimwene. Mitundu ya bulugamu ya grandis ndi saligna simungaisiyanitse ndi thunthu, yonse ndi yosalala kumtunda, yokhakhala kutsinde. Tolani tizipatso touma pansi pa mtengowo, muone timano ta pakamwa pake. Ta grandis timakhala 4 kapena 5, topindikira m'kati. Ta saligna 3 kapena 4, toongoka kapena topindikira kunja. Kachipatsoko sikapitirira sentimita imodzi, maso okha mudzalakwitsa.

Chimkwiyo: Timagalasi tambiri tolembedwa 10x ndi tapulasitiki, pakati pokha ndiye pooneka, m'mphepete muli mbuu. Ogulitsa akubera anthu dzuwa likuswa mtengo. Mukalimbikira, funani ka triplet, kokhala ndi magalasi atatu omatidwa pamodzi. Kamenekonso mtengo wake ndi wowawa.

Katswiri77: Diso lozolowera silifuna galasi, ife timangoona duwa lisanamasule. Kachipewa kovundikira duwalo pa mtundu wa camaldulensis ndi kozungulira, kali ndi kamlomo kosongoka pamwamba. Ka tereticornis ndi katali ngati nyanga. Globulus ndiye sabisala: duwa limodzi pa phata la tsamba, la njerewere, nthiti zinayi, ndipo timitengo take tating'ono tili ndi masamba otuwa oyang'anizana pa nthambi ya ngodya zinayi.

Nachisale: Nanga mwezi umene mulibe maluwa, bambo? Mudzadalira njere. Za camaldulensis ndi zachikasu ndi zosalala, za tereticornis zoderako ndi zokhakhala. Zimatuluka zosakanikirana ndi mankhusu, popanda galasi simungadziwe njere ndi iti.

Mwatitha: Foni yanu ikukwanira. Ikani kachipatso pa pepala loyera pafupi ndi rula, jambulani pa kuwala kwa dzuwa, kenako kuzani chithunzicho. Gwiritsaninso mphuno: tikitani tsamba, likamveka mandimu ndi citriodora, yomwe akatswiri anaisamutsira ku gulu lina la mitengo lotchedwa Corymbia mu 1995.

Chimkwiyo: Foni ikayandikira kwambiri imangotulutsa chifunga.

Katswiri77: Onaninso malo. Kwawo ku Australia camaldulensis imatsata mitsinje ngati Murray ndi madambo osefukira.

Nachisale: Malo amathandiza pa mitengo yomera yokha, osati yodzalidwa.

Wamitengo: Nanga mitengo yamakono yosakaniza grandis ndi camaldulensis?

Mwatitha: Imatengera kuwiri, timano ndi kachipewa zimagwera pakati. Funsani amene anafesa mbandezo, pamenepo galasi silingakuuzeni.