Kodi nkhani za Bret Harte zinajambulidwapo mawu nthawi ya galamafoni?

Anzanga okonda zolemba zakale, ndithandizeniko. Ndikufufuza ngati nkhani kapena ndakatulo za Bret Harte zinajambulidwapo mawu chaka cha 1930 chisanafike. Harte ndi uja ankalemba za anthu okumba golide ku California, otchova juga ndi ena opitikitsidwa m'midzi ya migodi. "The Luck of Roaring Camp" inatuluka m'magazini ya Overland Monthly mu 1868, "The Outcasts of Poker Flat" n'kutsatira mu 1869.

Chikundizunguza mutu ndi kutalika kwa nkhanizi. Timipukutu ta phula tojambulirapo mawu ta kampani ya Edison tinkatenga mphindi 2 zokha, ndipo ta mphindi 4 tinabwera mu 1908, Harte atamwalira kale ku England mu 1902. Nkhani yathunthu sikanakwanamo ayi. Ndiye ndikuganiza kuti ngati pali chomwe chinajambulidwa, ndi ndakatulo yaifupi, monga "Plain Language from Truthful James" ya 1870, kapena kachidutswa ka nkhani kowerengedwa ndi wochita zisudzo.

Za LibriVox, tsamba la pa intaneti la mabuku akale owerengedwa mokweza ndi anthu ongodzipereka, musandiuze, ndazimvera kale. N'zabwino ndithu, koma n'zamakono, pamene ine ndikufuna kumva mmene anthu a nthawi imeneyo ankatchulira mawu a anthu a kumigodi aja.

Alipo wozolowera kufufuza mu Cylinder Audio Archive ya ku University of California, Santa Barbara, kapena mu National Jukebox ya Library of Congress? Ndisakire dzina la wolemba, kapena zimalembedwa pa dzina la wowerengayo? Komanso mbale zowerengera anthu osaona zomwe zinayamba ku America m'ma 1930, mndandanda wake ndingaupeze kuti?