Filament ya 3D printer ikunyowa ndi chiperoni, tiyiumitse bwanji?

Moni nonse a m'gulu lino. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumagwiritsa ntchito 3D printer, makina oumba zinthu ndi pulasitiki yosungunula.

Kuno ku Thyolo tili ndi makerspace (chipinda chopangiramo zinthu ndi makina) pa yunivesite, ndipo Loweruka timalandira ana a Fomu 3 ndi 4 ochokera m'ma CDSS opanda labu kuti adzipangire okha magiya ndi zogwirira malenzi za Physics. Chiyambireni chiperoni, filament yathu (chingwe cha pulasitiki chomwe printer imasungunula) ya mtundu wa PLA ya 1.75mm ikuyamwa chinyezi. Ikamatuluka pa nozzle (kamlomo kotentha ka printer) imathetheka, chopangidwacho chimakhala ndi timabowo ndi tiulusi ngati ukonde wa kangaude, ndipo mano a giya amathyoka ukangowakanikiza ndi chala. Zimandiwawa, chifukwa ana ena amachokera kutali wapansi n'kubwerera chimanjamanja.

Makinawo ndi Ender 3, nozzle ya 0.4mm, kutentha kwa nozzle 200°C, bedi (poumbirapo) 60°C. Tasintha nozzle, tatsitsa kutentha kufika 190°C, tawonjezera retraction (kukokera filament m'mbuyo kuti isadonthe) kufika 6mm, koma palibe chasintha. Tatsekeranso filament m'ndowa ya chivindikiro yokhala ndi silica gel (timibulu toyamwa chinyezi). Silica imateteza youma kale, koma yonyowa siyiumitsa msanga. Uvuni wa kukhitchini tikuuopa. Kuti iume, PLA imafunika 45°C mpaka 50°C kwa maola 4 mpaka 6, koma imayamba kufewa cha pa 60°C, ndiye uvuni ukapyola pang'ono mpukutu wonse umamatana.

Kodi alipo amene anapangapo bokosi loumitsira la babu ndi thermostat (kachipangizo kosunga kutentha pa mlingo umodzi), loyendera batire ya 12V kuti magetsi akathima lisazizire? Munaika babu la mawatsi angati, ndipo fani ndi bowo lotulutsira mpweya wonyowa munaziika pati?