GRE tunnel pa MikroTik: ping ikudutsa koma mafayilo akuima panjira

Moni nonse m'gulu muno. Ndathedwa nzeru, chonde ndithandizeni.

Ndikulumikiza maofesi athu awiri, ya ku Lilongwe ndi ya ku Mzuzu, kudzera pa GRE tunnel (njira yolumikizira ma network awiri podutsa pa intaneti). Mbali zonse kuli router ya MikroTik hEX ya RouterOS 7, iliyonse ndi public IP yake. Tunnel yadzuka, ping (kauthenga koyesera ngati mbali inayo ikuyankha) ikudutsa bwinobwino. Koma anzathu a ku Mzuzu akangoyamba kukoka fayilo yaikulu pa seva ya ku Lilongwe, imaima panjira. Ntchito yawo yaima sabata yathunthu tsopano, ndipo zikundipweteka mtima.

Ndinatsegula protocol 47 (ndiyo ya GRE) pa firewall, ma route ndinawaona onse ali bwino. Kenako ndinaika MTU (malire a kukula kwa paketi yomwe ingadutse) pa 1476 m'malo mwa 1500 ya nthawi zonse, poti GRE imawonjezera ma byte 24 pa paketi iliyonse: 20 a IP header yakunja ndi 4 akeake. Mu mangle (gawo la firewall losinthira mapaketi) ndinatsitsa MSS (malire a data ya TCP mu paketi imodzi) kufika 1436. Sizinathandize.

Dzulo usiku m'pamene ndinakumbukira kuti ku Mzuzu intaneti imalowa pa PPPoE (njira yolumikizira ku kampani yotipatsa intaneti), yomwe imadyako ma byte 8 n'kutsala 1492. Ndikuganiza kuti vuto lagona pamenepa.

Kodi nditsitse MTU kufika 1468 ndi MSS 1428 mbali zonse, kapena ku Mzuzu kokha? Nanga ndikadzayatsa IPsec (yobisa data panjira) pamwamba pake, nditsitsenso bwanji? Komanso poti timayendetsa IPv4 yokha, kodi IPIP (mtundu wina wa tunnel) siingakhale yopepukirapo kuposa GRE? Amene munakumanapo nazo, ndiuzeni manambala amene anakugwirirani ntchito.