Katemera wa malungo: kafukufuku akuti chiyani?

Mayi wa ku Ngabu:
Anzanga, mdzukulu wanga wabayidwa katemera wa malungo katatu, koma sabata yatha anamupezabe ndi malungo. Mayi ake ataya mtima, akuti wachinayi sapita. Kodi ofufuza anapeza chiyani kwenikweni?

Mphunzitsi wa ku Bangula:
Agogo, pepani ndi matenda. Katemerayu, RTS,S, anayamba kuperekedwa ku Malawi, Ghana ndi Kenya mu 2019, ndipo Chikwawa ndi Nsanje anali m'maboma oyambirira. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena kuti m'madera amene ankaperekedwa, imfa za ana aang'ono zinatsika ndi 13 peresenti. Satseka malungo onse ayi, koma amachepetsa kudwala, makamaka malungo aakulu aja okomola mwana. Mphamvu yake imachepa pakapita miyezi, nchifukwa chake wachinayi, wa pa miyezi 22, ngofunika. Muwauze mayi akewo apite, chonde.

Mlimi wa ku Nchalo:
Kuno udzudzu sutha, madzi a m'madimba ndi a ku Elephant Marsh ali pomwepa. Kutenthe bwanji, mwana wanga amagona m'neti ngakhale anamaliza onse anayi.

Mayi wa ku Ngabu:
Zikomo aphunzitsi. Khadi lake ndili nalo ine, ndimuperekeza ndekha tsiku likakwana.