Ndithandizeni, mapu ndi zithunzi za satelayiti zikuphonyana

Zikomo akuluakulu. Ndikukonza mapu osonyeza mmene anthu akugwiritsira ntchito malo m'mphepete mwa phiri la Soche, makamaka ku Chilobwe komwe namondwe wa Freddy anasakaza mu 2023. Ndasanjika chithunzi cha satelayiti ya Sentinel-2 pa mapu akale a 1:50,000 mu pulogalamu yapakompyuta yokonzera mapu ya QGIS, koma mtsinje wa pamapu ukudutsa pamadenga a nyumba za anthu, kuphonya mwina ndi mamita 300. Mapuwo ndi a dongosolo loyezera malo la Arc 1950, chithunzicho ndi cha dongosolo lina la WGS 84. Vuto lagona pamenepa? Kapena ndi ine, poti pepalalo n'lopindikapindika ndipo ndinachita kulijambula ndi foni?

Chinanso, pa chithunzi cha February chimanga ndi tchire zonse zikungooneka zobiriwira. Inu mumasiyanitsa bwanji? Ndifune cha August, atakolola?