Pulasitala wa dzanzi sakukhalitsa pamsana pa mayi anga, nditani?

Wobisa dzina: Thandizeni abale. Mayi anga amathyola tiyi kuno ku Thyolo, msana wawavuta sabata yonse. Ndawagulira mapulasitala ochititsa dzanzi ku Limbe, ndalama yochita kukongola, pomwe achimwene alipo koma foni sayankha, alamu nawonso amangoti alibe. Ndikamata akumatuka, ululu osasintha. Ndimate awiri?

Nangondo: Pabokosi palembedwa chiyani, lidocaine kapena menthol? Nanga pakhungupo pali bwanji?

Mkulu wa ku Bvumbwe: AWIRI AYI! Wa lidocaine 4% amamata mmodzi, maola osapitirira 8, pokhapokha bokosi litanena 12. Ndipo musawathowe ndi madzi otentha pulasitala ali pomwepo. Kutentha kumalowetsa mankhwala ambiri m'magazi: chizungulire, dzanzi m'milomo, m'makutu kulira, mtima kugunda mosokonekera. Zikatero matulani, thamangirani kuchipatala.

Mayi a Tadala: Kumatukako ndi thukuta ndi mafuta odzola. Asambe, apukute paume, osadzola Vaseline, mumate madzulo akaweruka. Dengu likamakhula pamsana tsiku lonse palibe pulasitala angalimbe.

Mkulu wa ku Bvumbwe: Madzulo inde, koma asafunde nkukhala chopereka msana kumoto. Ana amasiku ano mumagula mankhwala osawerenga!

Wa ku Luchenza: Achepetse masamba m'dengu basi, mapulasitala nkutaya ndalama. Lidocaine amangogonetsa minyewa yapafupi ndi khungu, safika pa fupa.

Mkulu wa ku Bvumbwe: Achepetse bwanji poti malipiro ndi a pa sikelo? Yankhani zomwe wafunsa mwanayu. Iwe, ukamatula upinde mbali yomata ikumane, utaye kosafika ana ndi agalu, mankhwala amatsalamo. Usambe m'manja usanagwire m'maso. Masiku 7 akakwana osasintha, kuchipatala.

Nangondo: Achimwene, sabata yakwana kale. Ndikufunsanso, khungu lili bwanji?

Wobisa dzina: Ndi lidocaine 4%. Pali timatuza mbali imodzi, tazungulira kuchokera kumsana mpaka kunthiti, akuti kukuwotcha ngati moto.

Nangondo: Matulani pompano, pa matuza kapena bala samamatapo. Zimenezo zikufanana ndi mashingozi, ndipo mankhwala ake, acyclovir, amathandiza kwambiri akayambidwa m'maola 72 matuza atatuluka. Mawa m'mawa apite kuchipatala, bokosilo mulitenge. Pakadali pano avale malaya otayirira ophimba matuzawo, atalikirane ndi amayi oyembekezera ndi makanda.